Tsiku Limene Ndinaphika Injini ya Ndege

Mpaka lero ndikamakwera masitepe a nyumba yosanja imene timakhala ku Wheaton, kuno ku America, ndimayang'ana pansi. Pali mayi wina wa ku El Salvador wokhala m'munsi mwathu amene akandiona amagwira mphuno n'kuseka, ndipo ana ake ananditcha dzina lina m'Chisipanishi limene sindinafune kufufuza tanthauzo lake. Nkhaniyi ndinailemba kale m'buku langa la tsiku ndi tsiku, masamba khumi ndi anayi, koma bukulo silindiseka kapena kundikalipira, ndiye mtima sunatsike. Ndaganiza zongokuuzani inuyo.

Choyamba mudziwe kuti ndine munthu wamanyazi. Osati manyazi okongola aja a m'mafilimu, ayi, manyazi enieni otulutsa thukuta m'manja. Ndili giredi 11, ndinabwera kuno ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, koma pali aphunzitsi ena amene amandilankhulabe pang'onopang'ono, mokweza, poganiza kuti Chingerezi sindinachigwire. (Ndinachigwira. Ndimangochisunga.) Chachiwiri, ndine wosamala. Chibadwire sindinaswepo kapu. Mabuku anga ndimakutira ndi pepala, nsapato ndimapukuta ndisanalowe m'basi. Ndikunena izi kuti muone kuti zimene ndinachitazi sizinachitike chifukwa cha phuma. Ndinazichita mosamala kwambiri.

Amayi anga amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Mng'ono wawo, Anti Tadala, ndi injiniya pa fakitale ina yaing'ono ku Virginia, kupitirira Falls Church. Kutchalitchi kwathu anthu amati Tadala amapanga ndege. Sapanga ndege. Amapanga kanthu koyera, kopepuka, kotalika ngati dzanja langa, kokhala ndi timizere ndi timano ngati chipeso. Mu injini ya ndege muli timapiko tachitsulo tambirimbiri tozungulira m'moto woopsa, ndipo tikanasungunuka pakanapanda timabowo tam'kati modutsa mpweya woziziritsa. Timabowoto saboola ayi. Amayamba apanga kanthu kadothi kooneka ndendende ngati timabowoto, n'kuthira chitsulo chosungunuka mozungulira, kenako dothilo amalichotsa ndi mankhwala, n'kutsala njira zake zokha. Kanthu kadothiko ndi kamene Anti amapanga. Kunyumba timangoti kamtima.

Tsiku lina kusukulu kulibe maphunziro, Anti ananditenga kuntchito kwawo. Anandiveka magalasi ndi chijasi choyera chondifika m'akakolo. Ndinaona ufa wa dothi wosalala kuposa ufa woyera wa chimanga, akuusakaniza ndi phula n'kuutenthetsa mpaka kukhala ngati phala. Makina aakulu ankapopera phalalo mwamphamvu m'chikombole chachitsulo, monga mmene jakisoni amakankhira mankhwala. Pakapita kanthawi chikombole chinkatseguka, kamtima n'kutuluka kali mbee, kooneka ngati katha kale.

"Usanyengeke," anatero Anti. "Aka n'kakawisi. Chikukagwira ndi phula basi. Timakakwirira mu ufa wina n'kukatenthetsa pang'onopang'ono masiku angapo, kuti phula lituluke osakaphulitsa. Ndiye pambuyo pake kamalowa m'ng'anjo yeniyeni, yotentha kupitirira madigiri chikwi. Ukafulumira, wataya."

Zonsezi ndinalemba m'kabuku kanga kam'thumba. Mawu akuti ukafulumira wataya ndinawajambulira mzere kunsi, ndi rula.

Tsopano nkhani inali iyi. Fakitaleyo imatenga ana asukulu awiri chaka chilichonse kuti aziphunzira ntchito patchuthi chachitali, ndipo abwana awo a Anti amabwera okha kuchionetsero cha sayansi kusukulu kwathu kudzasankha. Ine malowo ndinkawafuna kuposa chilichonse. Ndinkafuna chijasi chija, ngakhale chitalike bwanji. Ndinkafuna malo amene makina amachita phokoso lambiri moti munthu wosalankhula saoneka wachilendo. Anti anapempha abwanawo kuti andibwereke timitima tiwiri ta mtundu wakale timene amaphunzitsira alendo, kena kakawisi, kena kowotcha, kuti ndikaonetse kusiyana kwake. Abwanawo anakayika, chifukwa chikombole chake anachisiya kale ndipo takawisi tinatsala tochepa. Anti anawauza kuti mwana wa mkulu wawo ndi wosamala kuposa anthu onse a mufakitalemo. Anandipatsa m'kabokosi ka thonje Lachisanu, chionetsero chili Lachiwiri, ndi malamulo awiri okha: kakawisiko osakagwira ndi manja opanda magolovesi, ndipo osakayandikiza chilichonse chotentha.

Loweruka lonse kabokosiko kanali m'dirowa yanga, pakati pa masokosi. Ndinkatsegula ola lililonse kuona ngati kakupuma bwino.

Lamulungu lomaliza la mwezi, anthu akwathu a kutchalitchi amasonkhana kunyumba kwa mmodzi kudya ndi kupemphera. Mwezi umenewo inali nthawi yathu. Anti sanabwere chifukwa anali pa shifiti (ng'anjo sizidziwa Sabata), ndipo foni yawo amaitsekera m'kabati akakhala kuntchito. Titabwerako kutchalitchi, ine ndili kalikiliki kudula kabichi, ndinasuzumira pabalaza. Amayi anali atatulutsa timitima tonse tiwiri m'kabokosi n'kutiika pa tebulo la TV, pa kansalu koluka, pakati pa chithunzi cha ukwati wawo ndi wotchi ija yooneka ngati mapu a Malawi.

"Amayi, Anti anati..."

"Anthu aone kuti m'nyumba muno mukuphunziridwa. Palibe akhudze. Tenga mpunga upite nawo patebulo."

Palibe akhudze. Amayi anga akhala ndi Amalawi zaka makumi anayi ndi zisanu ndipo ananena mawu amenewa ndi nkhope yowongoka.

Apa ndiyenera kukudziwitsani Bambo Kamanga. Bambo Kamanga amayendetsa galimoto ya hayala, koma imeneyo ndi ntchito yongodutsira. Ntchito yawo yeniyeni ndi kudziwa zonse. Amadziwa chifukwa chimene kwacha imagwera, amadziwa mankhwala a shuga amene madokotala amabisa, amadziwa zimene akuluakulu a kumaofesi a akazembe, pa Embassy Row, amakambirana chifukwa tsiku lina ananyamula munthu amene mlamu wake amaphika kumeneko. Amavala jekete ya mabatani agolide ndi kachipangizo ka foni kukhutu, ngakhale popemphera, ngati kuti kumwamba angawaimbire mwachindunji. Ndiwo ananyamula theka la Amalawi a kuno pa eyapoti tsiku lofika, ndiye palibe amene amawatsutsa. Aliyense iwo anamuonapo ali mlendo, akunjenjemera ndi chisanu, atanyamula nsomba zouma zimene samayenera kunyamula.

Chakudya chinali nkhuku ya supu wa tomato, mpunga ndi mandasi. Kwathu alendo akatha kudya, mwana wamkazi amazungulira ndi jagi ndi beseni kuwasambitsa m'manja, ngakhale sinki ili masitepe asanu kuchokera pamene akhala. Ndinayambira kwa abusa, nditagwada, jagi kudzanja lamanja, beseni kumanzere. Ndili chigwadire choncho ndinamva mawu a Mayi Zulu, a ku Lusaka aja amene amaimba kwaya ndi amayi.

"Iye, ni chani ichi? Ni sopo?"

Ndinatembenuza maso okha. Anali atanyamula kakawisi. Anali asanasambe.

"Ndi za injini ya ndege zimenezo," anatero amayi, monyadira. "Za Tadala. Mwanayu akukaonetsa kusukulu."

"Manje aka ndiye kamene kayendetsa ndeke? Kaoneka monga bisiketi. Onani, amake Joyce."

Kanayamba ulendo. Kanachoka kwa Mayi Zulu kupita kwa amake Joyce, kwa amake Joyce kupita kwa amuna awo, kwa amuna awo kupita kwa mayi wina amene anakanunkhiza. Anthu khumi ndi anayi, zala za nkhuku, akupatsirana ngati khanda latuluka kumene m'chikuta. Ine ndinali pansi, manja onse ogwira, ndikuthira madzi pa manja a abusa amene amasamba chala chimodzichimodzi ngati akuwerenga malamulo khumi. M'mutu mwanga ndinkakuwa. Pakamwa panga panatuluka kaphokoso kena ngati ka mphaka watsekeredwa kunja. Abusa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amen, mwana wanga."

Pamene ndinkamaliza kusambitsa onse, kamtima kanali katabwerera pa kansalu kake, kathunthu, koma kali ndi chidindo cha chala chachikulu pakati penipeni, chofiirira, cha supu. Mizere yonse ya chalacho inkaoneka. Apolisi akanatha kumugwira mwini wake tsiku lomwelo.

Munthu wanzeru akanakasiya choncho. Akanadikira Anti, akanapepesa, akanakaonetsa kusukulu ndi chidindo chake n'kunena kuti taonani chifukwa chake timavala magolovesi. Koma ine sindimatha kuona banga n'kulisiya. Ndinakatenga mwakachetechete ndi pepala lopukutira, n'kulowa nako kukhitchini.

Ndinapukuta pang'ono. Chidindo chinasanduka chimzere. Ndinanyowetsa pepala ndi madzi ozizira ndi kadontho ka sopo. Chimzere chinasanduka mtambo. Ndili pa sinki choncho amayi analowa ndi mbale.

"Ukutsuka mafuta ndi madzi ozizira? Unakulira kuti iwe?"

Anatambasula dzanja n'kupotoza mpopi kumbali yofiira, n'kutuluka.

Madzi otentha a m'nyumba mwathu ndi otentha zoona, mutha kusosolera nkhuku. Ndinkadziwa kuti phula ndi madzi otentha sizigwirizana. Ndinalemba ndekha. Koma amayi anali atanena, ndipo ndinadziuza kuti kamphindi kamodzi kokha sikangavute. Ndinakaika pansi pa mpopi. Banga linachoka, ndikuyamikira pamenepo. Kenako ndinamva kamtima kakufewa pakati pa zala zanga, n'kuwerama pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati kandulo yoiwalika pawindo. Ndinayesa kukawongola. Kanawongoka pakati n'kupindika kumapeto. Ndinawongola kumapetoko, kansonga kake n'kutsalira m'dzanja langa lamanzere.

Ndinaima pamenepo, zidutswa ziwiri m'manja, misozi ili m'njira. Ndipo chifukwa tsikulo linali lisanathe nane, analowa Bambo Kamanga kudzafuna chotokosera m'mano.

"Chavuta n'chiyani, mwana wanga? Bwera nacho kuno."

Ndinapereka ndi manja awiri. Ndinapindanso maondo. Anakatembenuza uku ndi uku, kukagogoda ndi chikhadabo, n'kukaika kukhutu kumene kulibe kachipangizo.

"Dothi laliwisi ili. Sanawotche."

"Inde, bambo. Anti anati..."

"Ndiye vuto lake ndi limenelo. Ine ndawotchapo njerwa ku Mponela, mauvuni atatu, nyumba zake zilipo mpaka lero. Dothi ukaliwotcha limagwirana lokha, ngakhale pothyokapa sipaonekanso." Anakanikiza kansonga kaja pamalo pake ndi chala, mokhotetsa. "Yatsa uvuni. Ika pamapeto penipeni."

"Anti anati zimatenga masiku angapo," ndinatero. Ndikukhulupirira kuti ndinatero. Milomo inayenda ndithu.

"Wati chiyani?"

"Masiku... angapo."

Anaseka mpaka mabatani agolide kugwedera. "Masiku angapo chifukwa kumeneko amalipidwa pa ola. Angathamangire chiyani? Iwe ukanakhala iwo ukanafulumira? Tadala ndinamunyamula ine pa eyapoti, ali ndi chikwama chimodzi cha zipi yoduka, asakudziwa kumanga lamba wam'galimoto. Lero andiphunzitse dothi? Achemwali, tabwerani mumve mwana wanuyu."

Amayi anasuzumira pakhomo. Sanaone bwino zimene zinali m'manja mwa Bambo Kamanga, anangoona mwana wawo ataima pamaso pa munthu wamkulu, pakamwa pali potsegula ngati akufuna kuyankha. Anandipatsa diso lija. Amene munaleredwa ndi mayi wa Chimalawi mukulidziwa, silifuna womasulira.

"Tamvera zimene akukuuza akuluakulu."

Kabuku kanga kanali m'thumba la siketi, kakundigunda pantchafu. Tsamba lake ndinkalidziwa, mzere wa rula uja ndinkauona ndi maso otseka. Ndikufuna mumvetse bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona uchitsiru wonse: sindinanamizidwe. Bambo Kamanga sindinawakhulupirire ngakhale pang'ono. Ndinkadziwa kuti njerwa ya ku Mponela ilibe phula, ndinkadziwa kuti uvuni wa makeke sufika ngakhale theka la moto wa ng'anjo, ndinkadziwa zimene zichitike ndi dongosolo lake lomwe. Ndikudziwa choncho ndinatenga thireyi, ndinayalapo pepala lonyezimira lija kuti thireyi ya amayi isade, ndinakagoneka pakati bwinobwino, n'kutseka chitseko mofatsa kuti kasagwedezeke.

"Mphindi makumi awiri," anatero Bambo Kamanga. "Udzandithokoza."

"Zikomo, bambo."

Ndinathokozeratu.

Tinabwerera pabalaza kukayamba mapemphero. Mayi Zulu anayambitsa nyimbo. Ndime yoyamba inadutsa bwino. Pa ndime yachiwiri kunabwera kafungo ka makandulo, ndipo amake Joyce anatsegula diso limodzi. Pa ndime yachitatu utsi woyera unalowa pabalaza chokwawa kudenga, modekha, ngati mlendo wochedwa amene sakufuna kusokoneza. Kenako alamu ya kukhitchini inalira.

Ndinathamanga kukazimitsa uvuni, koma nditatsegula chitseko chake utsi wonse unatuluka nthawi imodzi. Phula linali litayenderera pathireyi, kudontha mpaka pansi pa uvuni, likuchita thovu. Azimayi anavula zitenje n'kuyamba kukupiza alamu. Abusa ankatsokomola akupemphera. Zikanathera pomwepo, ndi mawindo otsegula ndi manyazi a m'nyumba mokha, pakanapanda nzeru zina za Bambo Kamanga.

"Utsi umafuna njira. Tsegulani chitseko chachikulu."

Anatsegula okha, n'kuchitchinga ndi mpando. Utsi unapeza njira yake, kulowa m'khonde lam'kati la nyumba yonse, mmene muli alamu ina, yaikulu, yolumikizidwa kwa ozimitsa moto.

Nyumba yathu ndi ya nsanjika zinayi. Unali mwezi wa Febuluwale. Anthu onse anatuluka: a ku El Salvador, a ku Ethiopia, agogo ena a ku Vietnam atakumbatira mphika wa maluwa, bambo wina ali ndi thovu lometera tsaya limodzi, mtsikana wa m'kalasi mwanga atanyamula mphaka ndi foni yojambula. Pakati pawo panaima Amalawi khumi ndi anayi ndi mayi mmodzi wa ku Zambia, m'zovala za kutchalitchi, opanda majekete, akununkha kandulo. Amayi anatuluka ndi chikwama cha mapasipoti basi. Magalimoto ozimitsa moto anabwera awiri.

Patapita kanthawi wozimitsa moto mmodzi, chimunthu chachitali, anatuluka atanyamula thireyi ya amayi ndi magolovesi. Pathireyipo panali kamulu ka ufa wotuwa, wong'ambikang'ambika, kali pakati pa dziwe lakuda. Anafunsa m'Chingerezi kuti nyumba nambala 304 ndi ya ndani, ndipo ankaphika chiyani.

Ndinayang'ana Bambo Kamanga. Anali patali, pafupi ndi galimoto yawo, dzanja lili kukhutu, akulankhula mwakhama ndi munthu amene ndikutsimikiza kuti kunalibe. Munthu wodziwa zonse uja Chingerezi chinali chitamuthera mwadzidzidzi. Amayi anandiloza ndi chibwano.

"Kachipangizo ka injini ya ndege," ndinayankha.

"Pepani, sindinamve."

Ndinabwereza. Anawerama mpaka chipewa chake kundigunda pamphumi. Ndinabwerezanso kachitatu, ndipo nthawi imeneyi alamu inangoti zii pakati pa mawu anga, moti anamva onse, mpaka agogo a maluwa aja. Wozimitsa motoyo anayang'ana thireyi, anayang'ana ine, n'kuitana mnzake kuti abwere adzamve yekha. Mnzakeyo anafunsa ngati mbali zina za ndegeyo zikadali m'nyumba.

Anti anabwera Lolemba madzulo, ine nditangofika kuchokera kusukulu. Thireyi inali pakhonde, nditaivundikira ndi kansalu. Anavundukula n'kuyang'ana nthawi yaitali. Anakhudza ufawo ndi chala. Kenako anayamba kuseka, kuseka kogwira khoma, mpaka kukhala pansi pa simenti yozizira. Ndinayamba kupepukidwa. Ndinafotokoza zonse, za supu, za mpopi, za njerwa za ku Mponela. Pa njerwapo anasekanso. Atapukuta misozi anandiyang'ana.

"Ndikufunse. Unaiwala zimene ndinakuuza?"

"Ayi."

"Ndiye unkadziwa kuti kaphulika."

"Inde, Anti."

"Unanena?"

"Ndinanena pang'ono."

"Anamva ndani?"

Ndinayang'ana thireyi. Kuseka kunali kutatha.

"Ukanakhala kuti unaiwala, bwenzi ndikukakupepesera mosavuta. Aliyense kuntchito anaswapo kakawisi, ine ndinaswa thireyi yathunthu mwezi wanga woyamba. Koma kuntchito kwathu kuja kuli lamulo loti aliyense, ngakhale wosesa, akaona cholakwika amaimitsa makina, kaya abwana akufuna kaya sakufuna. Kamtima kakakhala ndi mng'alu, phiko limatuluka ndi bowo lolakwika, ndipo phikolo limakakwera kumwamba ndi anthu. Ndiye ndikawauze chiyani abwana? Kuti ndabweretsa mwana wodziwa zonse bwinobwino, koma munthu wa jekete akalankhula amapinda maondo?"

Amayi anayankhira kukhitchini, kumene ankapala phula mu uvuni ndi mpeni. "Mwana ndinamulera ndi ulemu ine."

"Mwamulera bwino, achemwali. Ozimitsa moto achita kuyamikira."

Amayi ndi Anti sanalankhulane mpaka Lachinayi.

Lachiwiri ndinaima kuchionetsero ndi kamtima kowotcha, kamene kanapulumuka chifukwa palibe anakapeza kosangalatsa, ndi botolo la jamu lokhala ndi ufa wotuwa. Abwana a Anti anafika, bambo wachikulire wa ndevu zoyera ndi mawu ofatsa. Anti anali atawauza zoona zonse. Anandifunsa kuti ndifotokoze chimene chinachitika m'kati mwa uvuni, ndipo ndinafotokoza, motsitsa mawu koma molondola: phula linasungunuka mofulumira, lina n'kusanduka mpweya, mpweyawo unasowa potulukira n'kung'amba dothi, ndipo moto unali wochepa kwambiri kuti ufa ugwirane. Anagwedeza mutu, anati ndi yankho labwino kuposa la anthu ena amene amawalipira. Kenako anafunsa chifukwa chimene ndinakaikiramo.

"Anandiuza munthu wamkulu."

"Wamkulu pa ntchito imeneyi?"

"Ayi. Wamkulu basi."

Analemba kenakake papepala lawo. Kanali kakafupi.

Malo aja anapita kwa ana ena awiri. Mmodzi ndi mtsikana amene pulojekiti yake inali yoimbira nyemba nyimbo kuti aone ngati zingakule msanga. (Sizinakule msanga.) Koma mawu ake amamveka kuchokera kumapeto a bwalo la mpira, ndipo ndinamuona ndi maso anga akuuza abwanawo kuti tebulo la oweruza aliika pamalo olakwika. Chijasi changa chavalidwa ndi woimbira nyemba. Ndinalira masiku awiri, mwakachetechete, kuti ndisasokoneze aliyense.

Anti anati abwanawo anena kuti ndidzayesenso chaka chamawa. Anandipatsanso ntchito yokonzekera: sabata iliyonse nditsutse munthu wamkulu mmodzi, mokweza, pa chinthu chimene ndikuchidziwa. Ndinayamba ndi woyendetsa basi amene anadumpha siteji yanga. Ndinati pepani. Sanamve. Ndinatsika siteji yotsatira n'kubwerera wapansi.

Msonkhano wa mwezi wotsatira unali kwa Mayi Zulu, ndipo ine ndinapatsidwa ntchito yothira tiyi. Anti analipo. Anthu atakhuta, Bambo Kamanga anawongola jekete n'kuyamba kufotokozera amene sanalipo tsiku lija. M'nkhani yawo, iwo ndi amene anachenjeza kuti mauvuni a ku America ndi ofooka, kuti pakanakhala nkhuni zenizeni kamtimako kakanatuluka kolira ngati belu, ndiponso kuti pakanapanda iwo kutsegula chitseko bwenzi tonse titakomoka ndi utsi. Anati ozimitsa moto anawagwira chanza. Anthu ankagwedeza mitu, ena mwa iwo omwe aja anaima nafe pachisanu.

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwanayu analipo. Ndikunama, mwana wanga?"

Anti anaika kapu yawo pansi n'kundiyang'ana. Amayi nawo anandiyang'ana, kuchokera mbali ina ya chipinda. Ndinali ndi chiganizo chokonzeka, ndinachiyeserera pagalasi milungu itatu, chaulemu, cha mawu khumi ndi awiri, chokhala ndi madigiri ake omwe. Ndinakoka mpweya.

"Ayi, simukunama, bambo. Ndikuwonjezereni tiyi?"

Anti anatseka maso.

Ndinathira tiyiyo mosamala, osadontheza ngakhale pang'ono pasosala, n'kupereka ndi manja awiri. Bambo Kamanga amamwa masupuni anayi a shuga, aliyense amadziwa. Ndinathira atatu. Pakadali pano ndafika pamenepo, ndipo chionetsero china chatsala miyezi khumi ndi umodzi.